Achimwene, bala la latalo kalionetseni kuchipatala lero

Achimwene, mwanena kuti dzulo munadzicheka pachikhatho ndi lata pokonza khola la nkhuku kunyumba kwanu ku Area 25. Magazi anatuluka pang'ono n'kusiya, ndiye mukufunsa ngati kuli kofunika kupita kuchipatala poti bala lake ndi laling'ono komanso latalo lilibe dzimbiri. Ine ndikuti pitani, ndipo pitani lero.

Nkhani ya dzimbiriyi yasocheretsa anthu ambiri. Dzimbiri silimene limabweretsa kafumbata. Tizilombo take, totchedwa Clostridium tetani, timakhala m'dothi, m'fumbi, m'ndowe za ziweto ndi m'zitosi za nkhuku. Msomali wadzimbiri umaopsa chifukwa umakhala utagona pansi nthawi yaitali, ndipo ukakubaya umalowetsa dothi mkati mwa mnofu. Lata lanulo linali pakhola, ndiye kunyezimira kwake kusakunyengeni. Tizilomboti timaswana pamalo opanda mpweya, n'chifukwa chake kabala kakang'ono kozama, kotseka msanga pamwamba, kangathe kuopsa kuposa bala lalikulu lotsukidwa bwino.

Koma chomwe chandidetsa nkhawa kwambiri n'choti simukukumbukira kuti katemera wa kafumbata munabayitsa liti komaliza. Abambo ambiri zili choncho. Ana amalandira katemerayu kusikelo ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Ife amayi timabayidwanso tikakhala oyembekezera, mwakuti ena amafika majakisoni 5 osadziwa n'komwe kuti adziteteza kwa zaka zambiri. Abambo mukangochoka kumsana kwa mayi anu palibenso amene amakuitanani, pamene mphamvu ya katemera imanka icheperachepera. Azaumoyo amalangiza kuwonjezera pakatha zaka 10, koma bala likakhala lauve ngati lanuli ndipo papita zaka zoposa 5 chibayireni, amakubayaninso nthawi yomweyo.

Musanatuluke pakhomo, tsukani balalo ndi madzi aukhondo ndi sopo. Madziwo aziyenderera pabalapo kwa kanthawi ndithu mpaka dothi lonse lichoke, kenaka mangani ndi bandeji kapena kansalu koyera. Musathirepo phulusa, dothi, mankhwala otsukira mano kapena mafuta a mabuleki a galimoto. Ndimamva chisoni ndikaona anthu akuthira dothi pabala kuti magazi asiye, pamene m'dothimo ndi momwe muli matendawo. Makapisozi ogula kugolosale, omwe ena akulangizani, sangalowe m'malo mwa katemera.

Chipatala cha Area 25 muli nacho pafupi, ndipo ngati mwalowa kale m'tauni, ku Bwaila akuthandizaninso. Tengani buku lanu la kuchipatala. Mukafika musangoti "ndavulala". Afotokozereni kuti ndi lata la pakhola la nkhuku, kuti zinachitika dzulo, komanso kuti katemera simukumukumbukira. Mawu amenewo ndi omwe angawathandize kuona ngati jakisoni mmodzi akukwanira kapena muyambe ndondomeko yonse. Akakupatsani tsiku lobwereranso, musaliphonye poona kuti bala lapola.

Tsono tcherani khutu apa, ndipo alamu anga adziwenso. Kafumbata saonekera tsiku lomwelo. Amatenga masiku 3 mpaka 21, nthawi zina bala litauma kale, munthu ataiwala. Amayambira kawirikawiri m'nsagwada: pakamwa pamavuta kutsegula, nsima imakanika kutafuna ndi kumeza, khosi limauma. Kenaka minofu imayamba kukokana mopweteka, msana kupindikira kumbuyo, ndipo phokoso kapena kuwala kokha kumadzutsa kukokanako. Zikafika pa minofu yopumira, moyo umakhala pachiswe. Mukangomva nsagwada kulemera, thamangirani ku Kamuzu Central, ngakhale pakati pa usiku, osadikira kuti kuche. Ena akaona munthu akupindika chonchi amati walodzedwa n'kuyamba kwa asing'anga, masiku ofunika n'kumapita. Poizoni wa tizilomboti akagwira minyewa, katemera sangamuchotsenso, ndipo wodwala amagonekedwa masabata angapo akuyang'aniridwa usana ndi usiku.

Matendawa sapatsirana, ndiye za ana m'nyumbamo musade nazo nkhawa. Komabe poti khola ndi lomwelo ndipo ana amathamanga opanda nsapato pabwalopo, tengani mabuku awonso, anamwino akaone ngati pali katemera amene anadumphidwa.