PinePhone, uConsole kapena Steam Deck: kakompyuta ka Linux koyenera kugula ndi kati?

Mnyamata wina amene akuphunzira za makompyuta ku Blantyre wanditumizira imelo sabata ino. Akufuna kakompyuta kogwira m'manja koyendera Linux (sisitimu yoyendetsa kompyuta, ngati Windows kapena Android), koti azilembera mapulogalamu magetsi akazima, ndipo ngati nkotheka kazigwiranso ntchito ya foni. Mlongo wake amene ali ku Leeds ndiye amene adzamugulire. Wafunsa kuti: "Pakati pa PinePhone, uConsole ndi Steam Deck nditenge chiti?"

Achimwene, tiyambe ndi nkhani ya foniyo, chifukwa apa ndi pamene ndikuopa kuti mungataye ndalama za mlongo wanu. PinePhone ya kampani ya Pine64 inatuluka mu 2020, ndipo ine ndimailemekeza kwambiri. Mukachotsa chivundikiro chakumbuyo mumapeza timaswichi 6 tating'ono, ndipo 5 mwa ito ndi tozimitsira makamera awiri, maikolofoni, Wi-Fi ndi modemu, kotero kuti palibe pulogalamu imene ingakumvetsereni mwakabisira mukazimitsa. Mutha kuikamo mitundu ya Linux ya pafoni monga postmarketOS, Mobian kapena Ubuntu Touch pongosintha kakhadi ka microSD. Koma pulosesa yake, Allwinner A64, inali yakale ngakhale pa nthawi imene foniyo inkatuluka, ndipo RAM yake ndi 2GB kapena 3GB basi. WhatsApp ilibe pulogalamu yake ya Linux, mapulogalamu a mabanki nawonso ndi a Android ndi iPhone. Alipo amene amawayendetsa kudzera mu Waydroid, pulogalamu yoyendetsa Android mkati mwa Linux, koma batire imatha msanga ndipo mauthenga amatha kuchedwa. Foni yanu ya Android isungeni. PinePhone inapangidwira anthu amene akufuna kuthandiza kukonza Linux ya pafoni, osati munthu amene gulu la m'kalasi mwake limatumizirana zonse pa WhatsApp.

uConsole ya ClockworkPi ndi imene imakopa mtima wa aliyense wokonda zamagetsi. Imabwera zidutswazidutswa, mumalumikiza nokha ndi kasipanala kamene amaikamo m'bokosi. Ili ndi sikirini ya mainchesi 5, kiyibodi yeniyeni ya mabatani, ndipo mkati mumalowa kabolodi ka kompyuta kotchedwa Raspberry Pi Compute Module 4. Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi mabatire ake: ndi a mtundu wa 18650, awiri, omwe aja amapezeka m'matochi ochajitsa ndi m'mabatire a malaputopu akale. Akatha mphamvu simudikira katundu wochokera kunja. Vuto lake ndi lakuti Raspberry Pi sidziwa kugona (sleep mode yosunga batire) bwinobwino ngati laputopu. Mukaiponya m'chikwama osaizimitsa, imangodya batire mpaka kutha. Mabatani ake ndi olembera ndi zala zazikulu ziwiri, abwino polemba malamulo afupiafupi pa terminal (windo lolemberamo malamulo a kompyuta), koma homuweki ya masamba angapo ikutopetsani. Komanso amene anagula mwachindunji ku kampaniyo akhala akudandaula kuti anadikira miyezi yambiri katundu asanafike.

Ine ndingakuuzeni kuti mutenge Steam Deck, ngakhale kuti inapangidwira magemu. Kampani ya Valve inaitulutsa mu February 2022. Imayendera SteamOS, imene inamangidwa pa Arch Linux, ndipo mukasindikiza batani loyatsira kwa kanthawi nkusankha Desktop Mode mumalowa mu KDE Plasma, kompyuta yathunthu yokhala ndi mawindo, mafayilo ndi terminal. RAM yake ndi 16GB. Pulosesa yake ndi ya AMD ya mtundu wa x86, wofanana ndi wa makompyuta a mu labu ya kusukulu kwanu, choncho pafupifupi pulogalamu iliyonse ya Linux imene aphunzitsi angakuuzeni kuti muike idzayenda. Pa zipangizo za pulosesa ya mtundu wa ARM monga PinePhone ndi uConsole, nthawi zina mumapeza kuti pulogalamu imene mukufuna sanaikonzere pulosesa yanu.

Chifukwa chachikulu komabe ndi madalaiva, timapulogalamu tothandiza sisitimu kuyendetsa zipangizo za m'makina. Linux pa kachipangizo kakang'ono imavuta pa zinthu zimene munthu saziganizira pogula: Wi-Fi kukana kulumikiza makina akadzuka, mawu osatuluka, sikirini kuonetsa cham'mbali. Pa Steam Deck kampani imene inapanga makinawo ndi yomweyonso imalipira anthu okonza Linux yake, ndipo anthu oigwiritsa ntchito ndi ochuluka zedi. Vuto lililonse limene mungakumane nalo, wina anakumana nalo kale ndipo analemba njira yake. Zipangizo zosinthira monga sikirini, fani ndi batire zimagulitsidwa ndi kampani ya iFixit mogwirizana ndi Valve, ndipo SSD yake (mosungira mafayilo) ya M.2 2230 mutha kuisintha nokha.

Musandimve ngati ndikuti ilibe chilema. Pulogalamu ya Steam yeniyeniyo, yogulira ndi kusewerera magemu, khodi yake ndi yotseka. Ngati mukufuna makina otseguka mpaka pa mapulani a bolodi, yang'anani MNT Pocket Reform ya ku Berlin, yoyendera Linux ya Debian, koma mtengo wake ndi wa laputopu yapamwamba. Steam Deck ilibe kiyibodi, ndiye mufunika ya Bluetooth yopinda. Siingalowe m'thumba la thalauza, imalemera pafupifupi magalamu 670. Ndipo mbali ya SteamOS imene imasunga mafayilo a sisitimu ndi yokhoma: zimene mwaika ndi pacman, chida choikira mapulogalamu cha Arch Linux, zimafufutika sisitimu ikalandira update. Njira yake ndi kuika mapulogalamu a mtundu wa Flatpak, amene safufutika, kudzera mu sitolo ya mapulogalamu ya Discover, kapena kugwiritsa ntchito pulogalamu ya Distrobox kuti mukhale ndi Linux yanuyanu ya Ubuntu kapena Fedora mkati mwake.

Musanamuuze mlongo wanu chilichonse, ikani Termux, pulogalamu ya terminal ya Linux, pa foni yanu ya Android, yochokera ku sitolo ya mapulogalamu ya F-Droid. Ndi yaulere, ndipo mutha kuikamo Python, git ndi ssh. Lembanimo khodi kwa sabata ziwiri. Mukaona kuti maso akuwawa ndi kasikirini kakang'ono, ndiye kuti chimene mukufuna ndi laputopu yakale ya ThinkPad yoikamo Debian, ndipo ndalama zotsalazo zigule bandulo.

Mukatsimikiza za Steam Deck, auzeni achemwali kuti yogwiritsidwapo kale ndi yabwinobwino, bola ayese mabatani onse ndi timitengo tiwiri toyendetsera, aone kuti batire sinatupe, ndipo asaiwale chaja yake ya USB-C ya 45W. Valve situmiza Steam Deck ku Africa, choncho ikavuta simudzakhala ndi koibweza pafupi. Power bank yanu nayonso ikhale yotha kutulutsa 45W, chifukwa zing'onozing'ono za foni zija sizikwanitsa kuichaja ikamagwira ntchito.