Filimu inakongola, nanga malikisi anathawira kuti?

Mtsikana wina wa ku Salima, yemwe akuphunzira za mafilimu ku yunivesite, wanditumizira imelo yodandaula. Akuti iye ndi anzake anajambula filimu yaifupi ku Senga Bay pa holide ya mu July, anthu pa Facebook anaiyamikira kwambiri, koma aphunzitsi anawapatsa malikisi ochepa. Gulu lomwe linakhoza bwino ndi lomwe linangojambulira m'chipinda cha ku hositelo. Ndiye akufunsa kuti aphunzitsiwa amayang'ana chiyani, kapena n'kukondera basi?

Achemwali, ndakumvani, ndipo zimapwetekadi. Koma musanakagogode pa ofesi ya aphunzitsi, fufuzani kaye kapepala kaja anakupatsani sabata yoyamba, kaja amati course outline. M'menemo ndi momwe munalembedwa ntchito zoti mupereke, tsiku lomaliza kuperekera, ndi malikisi a ntchito iliyonse. Kawirikawiri filimuyo imangokhala gawo limodzi chabe. Pamakhalanso script (nkhani ya filimuyo yolembedwa papepala), zojambula zosonyeza momwe kamera idzaimire, nkhani yolemba yosanthula filimu yomwe munaonera m'kalasi, ndi mayeso. Tiyerekeze kuti filimu ili ndi malikisi 30 pa 100. Ngakhale mutawakolola onsewo, zinazo mukazinyozera simupita patali.

Tsopano za filimu yanuyo. Nyanja inakongola kale, sidikira kamera yanu. Dzuwa likamatuluka ku Senga Bay, mabwato akubwerera kogwira usipa, aliyense wa foni angajambule chithunzi chosiririka. Aphunzitsi amafuna kuona zomwe inu mwasankha: kamera munaiika apa chifukwa chiyani, munadula pano chifukwa chiyani, munthuyu akufuna chiyani ndipo chikumutchinga n'chiyani.

Chomwe ndikuchikayikira kwambiri ndi mawu. July ndi nthawi ya mwera. Mphepo ija ikamawomba maikolofoni ya pa kamera, chimamveka ndi phokoso lokhalokha, kuphatikizapo mafunde, injini za maboti ndi ana osewera pamchenga. Pa foni anthu amakhululuka, amangoyang'ana chithunzi. Mphunzitsi amavala mahedifoni, ndipo akapanda kumva zomwe msodzi akunena kwa mkazi wake, nkhani yathera pomwepo. Anzanu a ku hositelo anangotseka chitseko, mawu aliwonse n'kumveka. Ulendo wina, maikolofoni muiike pafupi ndi pakamwa pa wolankhula, muiveke kachipewa kaubweya kotchinga mphepo, ndipo musanachoke pamalopo mujambule mphindi imodzi ya phokoso la malowo popanda wolankhula. Idzakuthandizani polumikiza zidutswa.

Kutalika nakonso kumadya malikisi. Tsamba limodzi la script limapereka pafupifupi mphindi imodzi ya filimu. Akanena kuti mphindi 5, inu n'kubweretsa 12 chifukwa munachita chisoni kutaya zithunzi zokongola, ndiye kuti gawo la kudula mwalephera.

Pali chinanso chomwe ndimachitenga mozama. Amayi oyanika usipa pa thandala aja munawapempha? Kumeneko ndi kuntchito kwawo, si malo ongojambulapo. Munthu umayamba waonana ndi a mfumu ndi a komiti ya padoko, kenako aliyense woonekera mufilimu avomere, makamaka polemba. Ana awavomerere ndi makolo. Aphunzitsi ambiri amafuna mapepala amenewa limodzi ndi filimu, ndipo amachita bwino kutero. Nyimbo nayonso ili ndi mwini wake. Malamulo a copyright (umwini wa ntchito zaluso) a 2016 amateteza oimba, ndipo bungwe la COSOMA ndi lomwe limayang'anira zimenezi. Ndi bwino kupempha mnzanu wodziwa gitala akupekereni yanuyanu.

Pa ntchito ya pagulu, muzilemba kuti wachita chiyani ndani komanso tsiku liti, chifukwa aphunzitsi ena amauza aliyense kuti alembe lipoti lakelake. Filimu muziisunga malo awiri. Kuzima kwa magetsi kapena kufa kwa kompyuta sikusuntha tsiku loperekera.

Mukaona zonsezi, pitani kwa aphunzitsi mwaulemu, kapepala kaja kali m'manja, muwapemphe akuonetseni malikisi a gawo lililonse. Ngati mukuonabe kuti analakwitsa powonkhetsa kapena anadumpha ntchito ina, funsani kwa mkulu wa dipatimenti njira yopempha kuti ntchitoyo aichongenso. Musazengereze, chifukwa madandaulo otere amakhala ndi masiku ake.