Mwana wanga akupita ku Qatar mu Juni: kodi dzuwa la kumeneko alipirira?

Mayi ena a ku Santhe, m'boma la Kasungu, anditumizira imelo. Mwana wawo wamwamuna, wa zaka 24, wapeza ntchito ya zomangamanga ku Qatar ndipo anyamuka mu Juni. Amva kuti kumeneko ndi kuchipululu ndipo anthu amafa ndi kutentha. Akufunsa kuti: "Mwana wangayu ndi wolimba, wakulira m'munda wa fodya, dzuwa la Okutobala salithawa. Kodi nkhawa yangayi ndi yachabe? Ngati si yachabe, ndimuuze chiyani asanakwere ndege?"

Mayi, nkhawa yanu si yachabe. Ndipo kulimba kwa mwana wanuko n'kumene kukundidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa mnyamata wozolowera khasu sakhala pansi msanga thupi likayamba kumuchenjeza.

Kuno ku Kasungu tili pamtunda, mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Okutobala akafika povuta, madigiri amangopitirira 30 pang'ono, ndipo usiku kamphepo kamabwera, munthu n'kugona. Ku Doha, likulu la Qatar, mu Julayi ndi Ogasiti masana amadutsa madigiri 40 pafupifupi tsiku lililonse, ndipo usiku nthawi zambiri satsika pansi pa 30. Dziko la Kuwait, la m'chigawo chomwecho, linafika pa madigiri 53.9 pamalo otchedwa Mitribah mu Julayi 2016. Ngakhale anzathu a ku Ngabu ndi ku Nsanje, amene timati amakhala m'ng'anjo, zoterezi saziona. Komanso ganizirani mwezi umene akunyamukawu. Juni kwathu kuno ndi chisanu, tavala majuzi, m'mawa tikuwotha moto. Kumeneko Juni ndiye pakhomo pa nyengo yotentha. Mwanayu achoka m'chisanu, tsiku lomwelo kapena lotsatira atsika m'moto.

Thupi la munthu limadziziziritsa ndi thukuta, monga mtsuko wadothi umene umanyowa kunja, mphepo ikaumitsa chinyezicho madzi a m'kati n'kuzizira. Chimene chimaziziritsa ndi kuuma kwa thukutalo, osati kutuluka kwake kokha. M'kati mwa chipululu mpweya ndi wouma kwambiri, moti thukuta limauma munthu asanalione. Malaya ali gwa, iye n'kumayesa kuti sakutaya madzi, pomwe wogwira ntchito yolemetsa amatha kutaya lita yathunthu kapena kuposerapo pa ola limodzi. Koma Doha ali m'mphepete mwa nyanja, ndipo pofika Ogasiti mpweya umadzaza chinyezi. Apa thukuta limangoyenderera osauma, thupi osazizira. Masiku achinyezi amenewa ndi oopsa ngakhale madigiri ataoneka otsikirako.

Tsono mfundo imene ndikufuna mwana wanu aisunge kuposa zonse ndi ya masabata awiri oyamba. Thupi limazolowera kutentha, koma limafuna masiku 7 mpaka 14. M'masiku amenewa limaphunzira kutulutsa thukuta msanga, kusataya mchere wambiri m'thukutamo, ndipo mtima umasiya kuthamanga kwambiri. Asanafike pamenepo, munthu wamphamvu ali pangozi kuposa wofooka amene wakhala kumeneko zaka zitatu. Bungwe la boma la America loona za chitetezo cha anthu pantchito, OSHA, limanena kuti mwa antchito amene amafa ndi kutentha, ambiri amafa m'masiku oyambirira a ntchito. N'chifukwa chake akatswiri a ku America amalangiza kuti watsopano tsiku loyamba agwire gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi ya ntchito ya padzuwa, kenako aziwonjezera pang'onopang'ono. Sindikukunamizani kuti kapitawo aliyense adzalola zimenezi. Koma mwanayo payekha akhoza kusankha kusathamanga, kusapikisana ndi amene anafika kale, ndi kusadzionetsa kuti Mmalawi satopa. Anyamata athu amafuna kuti bwana awaone kuti ndi akhama sabata yoyamba yomweyo. Sabata imeneyo ndiyo yoyenera kuyenda mwachifatse.

Za madzi, asadikire ludzu. Ludzu limabwera thupi litataya kale. Amwe kapu imodzi pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse akamagwira ntchito, ndipo ayambe tsiku atamwa kale. Asachitenso mopyoza: kupitirira lita ndi theka pa ola limodzi kumasungunula mchere wa m'magazi, ndipo nakonso kumadwalitsa. Mchere wotayika m'thukuta umabwerera ndi chakudya, choncho asadumphe kudya ngakhale kutentha kutamuchotsera chilakolako. Tsiku limene watuluka thukuta kwambiri, kapena minofu ya m'miyendo ikukokana, amwe ORS, yemwe uja timapatsa ana akatsegula m'mimba. Muikireni mapaketi angapo m'chikwama. Akatha, asungunule masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Mowa ndi zakumwa zija amati zopatsa mphamvu azisiye. Sizilowa m'malo mwa madzi.

Chomuuza ngati akumwa mokwanira ndi mkodzo. Ukakhala woyererako, zili bwino. Ukada ngati tiyi, kapena tsiku latha wangokodza kamodzi, impso zikuvutika. Ndikudziwa kuti si nkhani imene mayi amakamba momasuka ndi mwana wamwamuna wamkulu. Ngati n'kovuta, tumani malume ake. Koma ikambidwe ndithu. Madokotala a ku Nepal, dziko limene limatumiza anyamata ambiri ku Qatar ndi mayiko oyandikana nawo, akhala akuona achinyamata obwerako ali ndi impso zowonongeka. Kusowa madzi m'thupi tsiku ndi tsiku kumapweteka impso mwakachetechete, ndipo zimaipiratu munthu akamameza bulufeni kapena mankhwala ena a mtundu umenewo madzulo aliwonse kuti thupi lisiye kuphwanya. Chizolowezi chogula mapiritsi pagolosale chisiyidwe kuno.

Tsopano zizindikiro. Pali kutopa kwa kutentha: mutu kuwawa, chizungulire, nseru, thukuta lochuluka, kufooka, mtima kugunda msanga. Munthuyo akulankhulabe zanzeru. Apa asiye ntchito nthawi yomweyo, apite pamthunzi kapena m'chipinda chozizira, avule chisoti, nsapato ndi zovala zolemera, adzithire madzi, amwe pang'onopang'ono. Ngati theka la ola latha osasintha, kapena akusanza, apite kuchipatala. Tsiku limenelo asabwererenso padzuwa.

Kenako pali china chimene chimapha. Kutentha kwa m'thupi kukadutsa madigiri 40, ubongo umayamba kusokonezeka. Munthu amabwebweta, amayankha zosagwirizana ndi funso, amayenda dzandidzandi ngati waledzera, amakwiya popanda chifukwa, mwina kugwa khunyu kapena kukomoka. Ena amaganiza kuti wodwala chotere thukuta limakhala litasiya. Ayi, wogwira ntchito yolemetsa akhoza kukhala ali noninoni ndi thukuta. Choyang'ana ndi mutu: kodi akuganiza bwino? Choopsa n'chakuti mwini wakeyo sadziwa kuti wasokonezeka, ndipo amakana thandizo. Ndiye mwana wanu akangofika apeze mnzake mmodzi, kaya Mmalawi, kaya wa ku Kenya, Uganda kapena Nepal, apangane kuti aziyang'anirana. Mnzakeyo akayamba zachilendo, aimbe 999, nambala ya ambulansi ku Qatar, ndipo asadikire kuti ifike: amuziziritse pompo. Ngati pali thanki kapena beseni lalikulu la madzi ozizira, amuviikemo mpaka m'khosi atamugwira mutu. Ngati palibe, amuvule, amuthire madzi thupi lonse mosalekeza, amukupize, aike ayisi kapena nsalu zonyowa m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Wosokonezeka kapena wokomoka asamwetsedwe kanthu, angatsamwe. Panado sathandiza pano, chifukwa uku si kutentha thupi kwa matenda. Mphindi 30 zoyamba ndizo zimasiyanitsa wochira ndi womwalira, ndipo choipitsitsa chimene anzake angachite ndi kumugoneka m'chipinda yekha kuti "apume kaye".

Kuti muone kukula kwa nkhaniyi: pa ulendo wa Hajj wa mu Juni 2024 ku Saudi Arabia, kutentha ku Mecca kunafika pa 51.8, ndipo anthu oposa 1,300 anamwalira, ambiri mwa iwo atayenda mitunda italiitali padzuwa opanda pobisala. Ku Qatar komweko, kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2019 anapeza kuti mwa antchito a ku Nepal 571 amene analembedwa kuti afa ndi mtima pakati pa 2009 ndi 2017, pafupifupi 200 akanapulumuka pakanakhala chitetezo chokwanira ku kutentha. Ambiri anali achinyamata, amene anapimidwa n'kupezeka athanzi asananyamuke kwawo.

Pali lamulo limene ayenera kulidziwa. Kuyambira 2021, ku Qatar n'koletsedwa kugwiritsa anthu ntchito panja kuchokera 10 koloko m'mawa mpaka hafu pasiti 3 masana, kuyambira pa 1 Juni mpaka pa 15 Seputembala. Lamulo lomwelo limati ntchito iime nthawi ina iliyonse chipangizo choyezera kutentha, chinyezi, mphepo ndi dzuwa pamodzi chikadutsa 32.1, limati olemba ntchito apereke madzi ozizira aulere ndi malo amthunzi opumira, ndipo limapatsa wantchito ufulu wosiya ntchito ndi kukadandaula ku unduna wa zantchito akaona kuti kutentha kukuika moyo wake pangozi. Mayiko oyandikana nawo ali ndi malamulo ofananako: ku United Arab Emirates, kumene kuli Dubai, kupuma ndi kuchokera hafu pasiti 12 mpaka 3 koloko, kuyambira pa 15 Juni mpaka pa 15 Seputembala. Lamulo papepala ndi china, pasaiti ndi china. Makampani ena amalitsata, ena amazemba. Komabe wodziwa lamulo amalankhula ndi kapitawo mosiyana ndi wosadziwa. Asananyamuke, afunse kwa amene akumutumizawo, makamaka molemba, kuti ntchito imayamba nthawi yanji m'miyezi yotentha, ndiponso ngati chipinda chogona chili ndi makina oziziritsa. Pitaninso ku ofesi ya zantchito pa boma mukafunse ngati ajenti ameneyo ndi wovomerezeka.

Nkhani ya chipinda chogona ndi yaikulu kuposa mmene imamvekera. Thupi limene lapsa tsiku lonse limachira usiku. Likagonanso motentha, m'mawa limayamba ntchito lili ndi ngongole ya dzulo, ndipo masiku akamatsatizana ngongoleyo imakula. Makina oziziritsa akawonongeka anene tsiku lomwelo, asapirire. Fani yokha siikwanira: mpweya ukatentha kufika cha m'ma 40, fani imangomuuzira moto, pokhapokha atanyowetsa khungu kapena malaya.

Zovala n'zosavuta. Anthu a m'chipululu samavula dzuwa likakula, amafunda: nsalu zopepuka, zomasuka, zowala, zophimba mikono ndi khosi. Atengereko. Kansalu konyowa pansi pa chisoti kamathandiza. Zitsulo zimene zakhala padzuwa zimawotcha manja, choncho magolovesi asawavule. Ngati amamwa mankhwala a BP kapena a shuga, aonane ndi dokotala asanapite, pakuti ena a BP amakodzetsa kwambiri.

Pali chimodzi chimene madokotala a kumeneko sangachiganizire msanga, koma ife tikuchidziwa: malungo. Akhoza kunyamuka nawo m'magazi kuchokera ku Santhe, n'kudzamugwira patatha sabata imodzi kapena ziwiri ali ku Doha. Mutu, kuphwanya thupi ndi kutentha thupi zimafanana ndi kutopa kwa dzuwa. Akadwala m'miyezi yoyambirira, auze dokotala momveka kuti wachokera kudziko la malungo ndipo apemphe kuyezedwa magazi.

Mbali yotsalayi ndi yanu, Mayi, ndipo ndikuinena mwaulemu. Ulendo ngati uwu nthawi zambiri umadya ndalama za banja lonse: mabelo a fodya, mbuzi, mwina ngongole ya ku banki m'khonde kapena katapila. Mwana amapita akudziwa zonsezi. Ndiye chizungulire chikamugwira, sakumbuka madigiri 40. Amakumbuka ngongole, feteleza wa chaka chino ndi fizi ya azing'ono ake, n'kunyamulanso thumba la simenti. Amaopa kuti akakhala pansi amudula malipiro kapena amubweza. Inu nokha ndi amene mungamumasule pamenepa. Muuzeni pamaso pa abale, asananyamuke, kuti mwezi woyamba simukudikira ndalama, ndipo akabwerako wopanda kanthu chifukwa thupi lakana, pakhomo palibe amene adzamuseke. Abale amene amayamba kutumiza mauthenga opempha munthu asanalandire n'komwe, muwaletse.

Mukamaimbirana pa WhatsApp, Qatar ali patsogolo pathu ndi ola limodzi. Musamalekere pa "uli bwanji", chifukwa adzati ali bwino. Mufunseni kuti lero anaweruka nthawi yanji, masana anapuma kuti, wamwa mabotolo angati, usiku anagona m'chipinda chozizira kapena ayi, ndiponso mnzake woyang'anirana naye uja ndani. Nambala ya mnzakeyo mukhale nayo inunso.