Funsani Malume: Akunditcha wa pulasitiki chonsecho amene sindigona ndine

Malume, ndine mnyamata wa zaka 27, ndimagwira ntchito pa shopu ina ya zipangizo zomangira kuno ku Lilongwe. Chaka chatha anzanga akuntchito anandilowetsa mu ligi yawo ya Fantasy Premier League, gemu ya pafoni yomwe umasankha osewera enieni a mu ligi ya ku England nkumapeza mapointsi malinga ndi mmene asewerera, tilipo 14, aliyense amaponya kangachepe pa mwezi wopambana nkutenga zonse. Poyamba ndinkangosewera mwachibwana koma pano zandilowa m'magazi, ndikadzuka chinthu choyamba ndi foni kuona ngati mitengo ya osewera anga yakwera usiku, nthawi ya nkhomaliro ndili pa YouTube kumvera azungu akukangana zoti kaputeni akhale ndani, bandulo ya sabata ikumatha Lachitatu. Vuto ndi loti kaya ndichite bwanji mu gulupu muja sandiwerengera. Ndimasapota Manchester City nde pali madala atatu a Man United ndi Arsenal amene amati ndine wa pulasitiki, ati mpira ndauyamba dzulo, ndikangoti ndiyankhule amandifunsa kuti City isanagulidwe pagolo panali ndani. Mwezi watha ndinathera pa nambala 12, anatenga chithunzi changa cha pa ukwati wa mnzathu nkupanga sitika, pano aliyense zikamuvuta amatumiza nkhope yanga. Ndimaseka nawo koma mkatimu zimawawa. Ndinagula jezi ya orijino pangongole kuti mwina andipatseko ulemu, anangoti bola ya pa kaunjika. Chibwenzi changa chati ndisankhe pakati pa iye ndi Haaland, womwetsa zigoli wa City uja. Ndituluke? Nanga ndikatuluka Lolemba kuntchito ndizikacheza ndi ndani?

Wosowa mtendere, Area 25

Mphwanga, tiyambe ndi funso la goloboyi lija chifukwa landisangalatsa. City inagulidwa ndi anthu a ku Abu Dhabi mu 2008. Zaka zochepa izi zisanachitike pagolo pake panaima Peter Schmeichel, yemwe uja wa Man United, anakathera mpira wake konko mu 2003, atachoka iye kunabwera David Seaman wa Arsenal nayenso nkupachika magolovesi konko mu 2004. Nde madala akowo magoloboyi awo onse awiri anakapumira ku timu yako. Ukawauze Lolemba, koma ukawauze ukuseka, ndipo usayembekezere kuti akakuombera m'manja. Akakufunsa lina. Ukayankha limenelo akufunsa lachitatu, mwina zoti mu 1999 pamene United imatenga zikho zitatu City inali kuti (inali mu ligi yachitatu, inatulukamo movutikira pa mapenate ndi Gillingham, sunga imeneyo). Mayeso amenewa sakhala ndi tsiku lotulutsa zotsatira. Wofunsayo sakufuna kudziwa ngati ukudziwa, akufuna aliyense mu gulupu aone kuti wofunsa ndi iye woyankha ndi iwe.

Ine zimenezi ndinaziphunzira pa benchi. Tili anyamata ku Ndirande tinkaonera mpira mu vidiyo sho ina ya malata, mabenchi asanu ndi limodzi, kutentha ngati mu uvuni, wina akugulitsa zitumbuwa pakhomo. Tonse timalipira ndalama yofanana koma benchi yakutsogolo inali ndi eni ake, palibe analemba paliponse koma ukakhalapo umangomva dzanja paphewa. Pakati pa benchiyo pamakhala bambo wina telala, munthu woti sindinamuonepo akumenya ngakhale chikulunga, koma amadziwa osewera onse mpaka a pa benchi ndi mayiko kwawo, akati uyu lero sagoletsa nyumba yonse imangoti zii. Ife akumbuyo ukayankhula amati iwe mwana khala chete. Ndinatha chaka chathunthu ndikuloweza mayina mu nyuzi zakale zokulungira chipisi kuti ndisunthe mabenchi awiri okha. Ndipo nditafika kutsogoloko, ndikuvomera pano, ndinayamba kufunsa ana atsopano mafunso omwe aja. Zimakoma kukhala wofunsa, ndisakunamize.

Za upulasitikizo usataye nazo tulo. Madala a United ambiri kuno anayamba kuisapota Ferguson atayamba kutenga ligi mu 1993, a Arsenal ambiri anabwera ndi Thierry Henry ndi chaka chija cha 2003/04 chomwe sanagonje gemu ya mu ligi ngakhale imodzi, a Chelsea anachuluka Abramovich atagula timu mu 2003, akuluakulu a Liverpool nawo anaikonda ikuwina akumvera pa wailesi. Palibe anabadwira ku Old Trafford apa. Aliyense anakwera basi imene inkathamanga nthawi yake, iwe unakwera ya Aguero mu 2012, kusiyana kwake nkoti iwo anakwera kale nde aiwala siteji imene anakwerera. Kwathu kuno ndiye timachita kunyadira, timu yako ikatuluka mu chikho umakasapota aliyense amene akumenyana ndi adani ako nkumati tili pa ganyu, a Maule ndi a Manoma akudziwa bwino zimenezi.

Koma chimene chandidetsa nkhawa mu kalata yako si madalawo ayi. Ndawerenga kawiri, sindinapezemo pamene wanena kuti gemuyi imakusangalatsa. Wanena za bandulo, za ngongole, za sitika, za nambala 12. Nde ndikufunse, City ikagoletsa koma wagoletsayo mulibe mu timu yako ya pafoni, umadumpha kapena umatukwana? Ngati umatukwana ndiye kuti mpira unasiya kale kuonera, ukuonera tebulo la anthu 14. Munthu wokonda chinthu ndi munthu wofuna mpando pakati pa okonda chinthucho kunja amaoneka chimodzimodzi, onse sagona, onse foni ili kumanja, koma woyambayo akagonja amadandaula za gemu pomwe winayo amadandaula zoti anthu anena chani.

Ndipo mantha amenewo ndi amene akukuika pa nambala 12, ndikhoza kubetcha. Gemu imeneyi malamulo ake ndi osavuta, umapatsidwa 100 miliyoni ya bodza, osewera 15, osaposa atatu ku timu imodzi, sabata iliyonse kusintha m'modzi ndi kwaulere koma ukaonjezera amakudula mapointsi 4 pa aliyense, kaputeni amakupatsa kawiri. Masabata ndi 38. Munthu amene akuopa sitika sangadikire, wosewera akangokhala gemu imodzi osagoletsa amamugulitsa usiku womwewo, minus 4, minus 8, Loweruka lotsatira yemwe wamugulitsa uja nkumwetsa ziwiri. Kapena amasiya dala Haaland, munthu woti anamwetsa zigoli 36 mu ligi chaka chake choyamba, nkupereka ukaputeni kwa wina wosadziwika kuti zikatheka gulupu inene kuti koma ndiwe dolo. Magnus Carlsen, katswiri wa chess uja wa ku Norway, mu Disembala 2019 anafikapo pa nambala 1 dziko lonse mu gemu yomweyi pakati pa anthu mamiliyoni, ndipo amene uja ndi munthu wozolowera kukhala pampando maola ambiri osagwira kanthu mpaka nthawi yake itakwana. Iwe ukugwira timu yako kasanu pa tsiku.

Nde ine ndikuti usatuluke kaye. Yesa mwezi umodzi motere, timu uziyang'ana Lachisanu madzulo basi, makochi atayankhula kale za ovulala, usinthe m'modzi, usankhe kaputeni, utseke. Nthawi yotsekera ndi mphindi 90 gemu yoyamba isanayambe, ika alamu imodzi osati khumi. Ma minus ayi. Jezi yapangongoleyo umalize kulipira ndipo ina usagulenso chifukwa cha anthu, waona wekha kuti sanaione nkomwe.

Sitikayo ndi nkhani ina. Kunyogodolana mu magulupu a mpira ndi ndiwo, ndipo nthawi zambiri amene amamupangira sitika ndi amene ali mkati, wakunja samutchula nkomwe. Koma ngati yafika powawa usakalembe ndime yayitali mu gulupu, akupangira yachiwiri. Mupeze amene anaipangayo payekha, pa nkhomaliro, umuuze kuti aise chithunzi chija chandikwana. Anthu ambiri pagulu ndi mikango koma paokha amamva. Akakana ndiye wadziwa kuti ndi gulupu yotani, ndipo mwa anthu 14 sangalephere kupezeka atatu amene nawonso atopa ndi madalawo koma akungosowa woyamba.

Za mlamu wathuyo sindichedwapo. Sakulimbana ndi Haaland, akulimbana ndi foni imene umaiyang'ana iye akuyankhula. Loweruka likubwerali mupite kokayenda foni ili m'thumba, mapointsi ukawapeza madzulo ali momwemo, sasintha chifukwa choti wawayang'anitsitsa.

Malume, ine ndi mtsikana, ndili pa koleji ku Zomba. Ndimakonda kumenya FIFA pa PlayStation, pali kachipinda kena ka magemu komwe timalipira pa gemu. Anyamata ambiri ndimawachinya ndithu koma ndikawina ati padi inali yakufa, ndikaluza ati mwaona akazi. Wina anandiuza kuti ndimangobwera kudzasaka mamuna. Anzanga aakazi nawo amati ndine chimuna. Ndili pakati, kuno ayi uko ayi. Ndisiye?

Wa padi yakufa, Zomba

Mwana wanga, usasiye, iwe mu kalata yako mawu oti ndimakonda alimo, mnzako wapamwambayo ndinachita kuwasaka osawapeza. Za padi njira yake ndi yachidule, musanayambe muuze asankhe yekha padi, pa hafu taimu musinthane, anthu akuona. Akaluzabe adzanena kuti timu yako inali yamphamvu, nde gemu yotsatira umupatse timu yakoyo iwe utenge yake. Pofika pamenepo zifukwa zimakhala zatha ndipo amene amayamba kumuseka ndi anzake omwe, iwe osayankhula kanthu.

Koma usadzipatse ntchito yoimira akazi onse a m'Malawi pa gemu iliyonse, imeneyo ndi katundu wolemera, mnyamata akaluza amangoti waluza basi nawenso uli ndi ufulu woluza Lachiwiri masana popanda msonkhano. Amene akuti mpira si wa akazi ukangomufunsa kuti ndi Mmalawi uti anakhalapo womwetsa zigoli zambiri mu ligi ya ku Italy, yankho ndi Tabitha Chawinga ali ku Inter, mng'ono wake Temwa anachitanso zomwezo ku America mu 2024 ndi Kansas City Current mpaka kusankhidwa wosewera wapamwamba wa ligi yonse. Kamodzi kokha, osati tsiku lililonse, ungasanduke telala wa ku Ndirande uja.

Wonena za kusaka mamunayo musiye, mwina ndi iye akusaka koma sakudziwa poyambira. Anzako aakaziwo tengako m'modzi tsiku lina, umulipirire gemu ziwiri, umuphunzitse batani lopasira ndi lowombera basi, zinazo aziona yekha. Ndipo dzina la gemuyo anasintha mu 2023, pano ndi EA Sports FC, ngakhale tonse tikungoti FIFA. Wina akadzafuna kukukola nalo funso limenelo udzamuyankhe uli kale pa 2-0.