Maposita akale a zisudzo: musanakongole, gulitsaniko kaye

Funso: Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leicester, ku England. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikugula maposita olengeza zisudzo a m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, pano akwana 60. Munthu wina akugulitsa bokosi la maposita 150 pa mtengo wa £2,400, ndipo ndikufuna kutenga ngongole. Kodi ndikawaika m'mafelemu mtengo wake ukwera?

Yankho: Mayi, mafelemu adikire. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri kufunafuna mawu akuti "ndagulitsako", koma mulibe. Zaka ziwiri, maposita 60, ndalama yobwerera m'thumba ayi. Kukonda zinthu zakale si mlandu, inenso zimandikoka mtima, koma ngongole sibwezedwa ndi chikondi.

Mapepala amenewa ankasindikizidwa motchipa, kumatidwa pakhoma, mawa lake ena pamwamba pake. Kuyambira 1837 mpaka 1901 nyumba za zisudzo monga Drury Lane, Haymarket ndi Adelphi ku London, kuphatikizapo za m'matauni ena onse, zinkatulutsa atsopano pafupipafupi. British Library, laibulale yaikulu ya dziko la Britain, yokha imasunga maposita oposa 200,000. Choncho ukale pawokha sukweza mtengo. Wogula amalipira dzina: osewera zisudzo otchuka Henry Irving ndi Ellen Terry ku nyumba ya zisudzo ya Lyceum, komwe Irving anayamba kuyendetsa mu 1878, kapena zisudzo za Gilbert ndi Sullivan ku nyumba ya zisudzo ya Savoy, yomwe inatsegulidwa mu 1881. Ndipo munthu wogulitsa bokosi lathunthu nthawi zambiri amakhala atapatula kale a mayina oterowo. Inu akukupatsani zotsala.

Tiwerengere limodzi. £2,400 pa maposita 150 ndi £16 posita imodzi. Tinene kuti chiwongoladzanja chonse cha chaka chifika £600, ndiye kuti iliyonse yakudyerani £20. Wa pa intaneti kapena wa okushoni adulapo zake, kutumiza pa positi nakonso kudya zake, tiyerekeze £15 pa £100 iliyonse. Kuti mungobweza mpamba, muyenera kugulitsa iliyonse pa £24, onse 150, atatu sabata iliyonse osadumphitsa. Wokongoza uja safunsa ngati msika wayenda. Mwezi ukatha akufuna £250 yake, ndipo idzachokera ku malipiro anu a mashifiti a usiku. Obwereketsa a kuno amavala bwino ndi kulankhula mwaulemu, koma mukaphonya mwezi umodzi wokha mudzakumbukira katapila wa kumudzi.

Tsono pali nkhani imene imandipweteka mutu m'makalata onse ngati lanu. Kope lanu lolembamo za maposita lili kuti? Mwa maposita 60 aja, ndi angati amene mungandiuze tsiku lomwe munagula, kwa yani, pa mtengo wanji? Pa malonda awa kope ndi theka la katunduyo. Maposita ambiri amangolemba tsiku ndi mwezi, monga Lolemba pa 4 Malichi, chaka osachitchula. Ndi ntchito yanu kuchipeza poyerekeza kalendala yakale ndi mayina a osewera, n'kuchilemba. Lembaninso muyeso wake, pamene yang'ambika, pamene yathimbirira, ndipo lisiti lililonse likhale m'kopemo. Tengani galasi lokulitsa zinthu: yeniyeni inadindidwa ndi zilembo za mtengo kapena chitsulo, inki yake sifanana ponseponse, pomwe yokopera dzana imaonetsa timadontho. Wogula wodziwa adzakufunsani zonsezi, ndipo mukayamba kukanda m'mutu, mtengo watsika kale.

Za mafelemu zija: dzuwa limafwifwitsa pepala, selotepi imasiya banga losachoka. Agonekeni m'mafoda opanda asidi, pamalo ouma. Wogula adzasankha yekha felemu yake. Komanso chithunzi cha khoma lodzaza mafelemu chikangofika pa gulu la WhatsApp la banja, kumudzi adzati mwatsegula shopu ku England, ndipo mauthenga a fizi adzachuluka musanagulitse kanthu.

Wa bokosi uja muuzeni kuti ayi. Sankhani maposita 10 mwa omwe muli nawo, alembeni bwino m'kope, muwaike pa msika kwa miyezi itatu. Mukatero mundilemberenso, mundiuze angati apita, pa mtengo wanji, ndi ndalama imene yatsala m'manja onse atadula zawo.