Kodi imfa za anzathu zingatiphunzitse chiyani pa ntchito younika pansi pa nthaka?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata amene wangopatsidwa udindo wotsogolera gulu lofufuza madzi a pansi pa nthaka m'midzi ya kwa Makanjira ndi kwa Katuli, galimoto yokumba mijigo isanafike. Abwana ake amuuza kuti alembe chikalata chofotokoza zoopsa za pantchitoyo. Iye akufunsa kuti ayambire pati, popeza gulu lawo silinachitepo ngozi, komanso ngati pali phindu kuwerenga za imfa za anthu oyenda pa ndege ndi pa sitima pamene iwo amangoyenda ndi mawaya, batire ndi zitsulo zokhomera pansi zolowetsera magetsi m'nthaka.

Achimwene, kukhala zaka ziwiri osachita ngozi si umboni wakuti mukugwira bwino ntchito. Ngozi yakupha sibwera kawirikawiri, kotero gulu lodikira kuphunzira pa zolakwa zake zokha limaphunzira pamaliro. Nchifukwa chake makampani ounika miyala pogwiritsa ntchito ndege anakhazikitsa bungwe la IAGSA mu 1995, kuti azigawana malipoti a ngozi ndi kugwirizana pa malamulo a kaulukidwe. Ndege zotere, monga zija zinkazungulira dziko lathu pa ntchito ya Kauniuni, zimauluka pafupi kwambiri ndi nthaka, ndipo woyendetsa akalakwitsa pang'ono alibe mpata wokonza. Iwo anamvetsa msanga kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mukadzafika pa boma la Mangochi, mudzaime pafupi ndi nsanja ya wotchi, cha kumlatho wa Shire, ndipo mudzawerenge chikumbutso cha sitima ya Vipya. Inamira pa 30 Julayi 1946 cha ku Chilumba itakumana ndi namondwe, ndipo anthu 145 anafa. Mphepo ya mwera imaomba chaka chilichonse m'miyezi imeneyo, ndipo msodzi aliyense wa ku Malembo amaidziwa. Choncho funso lothandiza si lakuti chinawapha nchiyani, koma lakuti ndani anali ndi mphamvu yonena kuti lero sitipitirira, ndipo chinamuletsa nchiyani. Funso lomweli limabwera mukawerenga lipoti la akatswiri a ku Germany pa ndege imene inagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 Juni 2024, momwe munafa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu: ulendo unapitirira, ndege ikuuluka m'munsi, nyengo ili yoipa. Inu mulibe ndege, koma tsiku lina mudzakhala ndi mudzi umodzi wotsala, mitambo itada cha ku Namizimu, waya wa mamita mazana angapo utayalidwa pamtetete, abwana akuimba foni. Waya woterowo ukhoza kutenga mphamvu ya mphenzi imene yagwa patali nkuifikitsa m'manja mwa wogwira chitsulo.

Ndinene chimene ndinaona ndekha kufupi ndi nyanja ya Malombe. Tinali titakhoma zitsulo, woyang'anira makina ali pafupi kutsegula magetsi, pamene mnzathu wa kumapeto kwa waya anakuwa. Kamtsikana kovala yunifolomu ya sukulu kanali katanjuta pa chitsulo chakutali, kakuchigwedeza ndi manja onse awiri kuti kaone ngati chingazuke. Makina amenewa amatulutsa magetsi a mavoti mazana angapo, ndipo dothi linali lonyowa. Palibe anavulala, ndipo chimene chimandipweteka mpaka lero nchakuti madzulo ake tinangokambirana pang'ono, osalemba kalikonse. Zoterezi, zimene timati tapulumukira mkamwa mwa mbuzi, ndizo ziyenera kudzaza kope lanu, chifukwa zimasiyana ndi imfa pa mphindi imodzi yokha.

Pa chikalata chanucho, tengani ngozi iliyonse imene mwawerenga ndi kuibwerera m'mbuyo, kuchokera pa imfayo kufikira pa chiganizo choyamba cholakwika, kenako dzifunseni ngati chiganizo chomwecho chingachitike m'gulu lanu. Choopsa chilichonse muchiyeze pawiri: chingachitike kangati, ndipo chikachitika chingawononge motani. Mudzaona kuti makina sali pamwamba pa mndandanda. Pamwamba padzakhala galimoto yobwerera usiku pa zitunda za msewu wa ku Namwera dalaivala atatopa, kenako mphenzi, ng'ona ndi mvuu za m'madambo a Shire, njoka, ndi kutentha kwa mu Okutobala.

Musaiwale anthu a m'mudzi. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, ndipo alendo onyamula zipangizo zosadziwika ndiwo ankakayikiridwa msanga. Musakhome chitsulo musanaonane ndi amfumu ndi komiti ya madzi, ndipo muwaonetse makinawo masana, anthu akuona.

Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito la 1997 limaika udindo wosamala antchito pa olemba ntchito, choncho musachite mantha kupempha abwana anu kuti asayine chikalatacho. Mulembemo momveka kuti aliyense m'gulu, ngakhale waganyu wonyamula waya amene mwamutenga m'mudzi momwemo, ali ndi ufulu woimitsa ntchito popanda kudulidwa malipiro a tsikulo, ndiponso kuti magetsi satsegulidwa kufikira munthu woima pa chitsulo chilichonse atayankha ndi mawu ake kuti pamalopo palibe mwana kapena chiweto.