Za tisitima ta malemu mdala wathu: tisafulumire kugulitsa

Achimwene, mwachita bwino kubweretsa nkhaniyi pagulu lathu la okonda tisitima ta zidole. Kwa amene simunaone funso lawo: banja la malemu mdala wathu wa ku Kapata, kuno ku Chipata, lapempha nzeru pa za tisitima, tinjanji ndi thebulo lija lili m'chipinda chakuseri. Kwabwera munthu wofuna kugula zonse pamtengo umodzi, ndipo amayi sakudziwa ngati mtengowo ndi woyenera. Afunsanso ngati ife monga gulu tingachitepo kanthu kowakumbukira malemuwo.

Langa ndi loti asagulitse tsopano. Misozi isanaume munthu saona bwino, ndipo wogula amene amafika pakhomo anthu asanamwazikane pasiwa amadziwa chimene akuchita. Sindikunena kuti ndi wakuba, mwina ndi munthu wabwinobwino. Koma ngati akuzifunadi adzadikira. Muwauze amayi ayankhe kuti banja lisanakhale pansi palibe chotuluka m'nyumba.

Ifenso tidziwe malire athu. Katunduyu si wa gulu. Ngakhale ine amene ndinathandiza kukhoma miyendo ya thebulo lija ndilibe gawo pa kabogi ngakhale kamodzi. Kuno ku Zambia tili ndi lamulo la 1989, Intestate Succession Act, loyendetsa chuma cha munthu amene wamwalira osasiya wilo, ndipo khoti limavomereza woyang'anira chuma cha masiye, uja timati administrator. Ameneyo pamodzi ndi amayi ndi ana ndiwo eni mawu. Tonse tinaonapo mmene achibale amasesera nyumba ya mayi wamasiye mpaka supuni. Zisadzamveke kuti anzake a malemu a tisitima nawonso analowa m'chipinda n'kutuluka matumba atatupa. Amene anabwereketsa chinthu kwa mdala anene pano poyera, ndipo amene anabwereka cha mdala abweze. Ndikudziwa kuti zilipo zili m'manyumba mwathu, chifukwa munthu uja sankadziwa kukana.

Chimene tili nacho ife, chimene banja lilibe, ndi kudziwa kuti chinthu chilichonse m'chipinda muja n'chiyani. Thandizo lathu lagona pamenepo. Apite anthu awiri kapena atatu, osati chigulu, ndipo mwana wa malemu akhalepo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chilichonse chijambulidwe pafoni, chilembedwe m'kope: dzina la kampani, nambala ya pabokosi kapena ya kunsi, ndiponso ngati chikuyenda. Kope likhale kwa amayi, zithunzi zikhale kwa ana.

Poyesa mitu ya sitima pakufunika kusamala, chifukwa apa ndi pamene anthu a mtima wabwino amawonongera zinthu. Mdala anali ndi mitundu yosakanikirana. Zambiri ndi za kampani ya Lima, za mulingo wa HO, ndiye kuti 1:87 (sitima yeniyeni kuichepetsa ka 87), ndipo pali zina za kampani ya Hornby za mulingo wa OO, 1:76. Zonsezi zimayenda panjanji imodzi ya mamilimita 16.5 ndi magetsi a DC osapitirira mavolti 12, n'chifukwa chake ankaziyendetsa pamodzi ngakhale za Hornby zimaoneka zonenepako. Mutu wotere mungauyese popanda njanji: gunditsani kabatire ka mavolti 9 kumawilo a mbali zonse ziwiri, ngati uli moyo mawilo azungulira. Koma m'bokosi lina muli mutu wa kampani ya Märklin. Muuzindikira ndi kachitsulo kotsetsereka kali kumimba kwake. Umenewo ndi wa magetsi a mtundu wina, a AC, umafuna njanji yakeyake ya timisomali pakati, ndipo mukauika panjanji wamba mawilo ake alumikiza mbali ziwiri zija n'kuchititsa shoti. Ukhale m'bokosi mwake. Wina asabwerenso ndi kontirola yake ya DCC, ija yamakono ya digito, kuti ayesere zonse: mutu wakale wopanda decoder, kachipangizo komvera kontirola yoteroyo, umalira ng'ii uli chiimire, mota n'kumatentha mpaka kupsa. Pomaliza, thiransifoma iliyonse muyambe mwawerenga zolembedwa kunsi musanaike pasoketi. Magetsi athu ndi mavolti 230, pamene zochokera ku America n'za 110 kapena 120. Mnzathu wa ku Petauke anataya yake chaka chatha mwanjira yomweyi, utsi wokhawokha.

Za kasungidwe ndinene mwachidule. Mabokosi achoke pansi, chiswe sichiona kuti katoni iyi inachokera ku Italy. Asaikidwenso m'mwamba pafupi ndi malata, kutentha kwa mu Okutobala kumapinda pulasitiki. Tinjanji takale ta chitsulo timachita dzimbiri m'dzinja, tikhale pouma. Siponji yakale ya m'mabokosi ija imafumbutuka n'kumata papenti, ichotsedwe, mitu ikulungidwe m'pepala lofewa. Ndipo chonde, wina asathire mafuta ophikira kapena a njinga m'magiya, asapalenso njanji ndi sandipepa. Kansalu ndi sipiriti pang'ono zakwana.

Tsopano za mtengo, ndipo apa tinene zoona ngakhale zisakome. Anthu akamva kuti chinthu n'chakale ndipo chinachokera kunja amaganiza kuti ndi chuma chambiri. Ma Lima ndi ma Hornby akale anapangidwa ochuluka zedi, ndipo ambiri sagulidwa mtengo waukulu. Tisawakweze amayi m'mwamba kuti adzagwe. Koma pakati pa zinthu wamba pamapezeka chimodzi kapena ziwiri zosowa, makamaka zija za Lima za mtundu wa South African Railways zimene anzathu a ku Johannesburg amazisaka, ndipo chikakhala ndi bokosi lake mtengo umakwera. Wogula zonse pamodzi amawerengera zomwezo: alipira mtengo wa mulu, phindu atenge pa ziwirizo. Tikakhala ndi manambala aja tidzaona pa eBay, msika wa pa intaneti, mitengo imene zinthu zofanana zinagulidwadi, osati imene ogulitsa akulota. Pamenepo banja lisankhe lili maso. Akafuna kugulitsa, ife a m'gulu tigule pamtengo woonekera, wolembedwa pano, popanda zoti ndine mnzake wa malemu mundichotsereko.

Koma chimene chikundisowetsa tulo ine si za m'mabokosi. Ndi thebulo lija.

Achinyamata amene mwalowa posachedwa mwina mumaona ngati ndi zidole chabe zoyalidwa pathabwa. Mdala anagwira ntchito ya njanji ku Kabwe, kumene kuli likulu la Zambia Railways, tauni imene sitima inafika mu 1906 ikutchedwa Broken Hill. Atapuma ntchito anabwerera kwawo kuno, dera limene kuyambira nthawi imene Chipata inkatchedwa Fort Jameson linali lisanamvepo kulira kwa sitima. Njanji ya ku Malawi inafika pa Mchinji, pafupi pomwepa kuseri kwa Mwami, n'kuima. Ya kuno inayambika mu 1982 kenako inagona zaka ndi zaka, udzu n'kumera pamtumbira. Inadzatsegulidwa mu Ogasiti 2010, a Rupiah Banda ali pamodzi ndi a Bingu wa Mutharika ndi a Armando Guebuza. Mdala ankanena kuti pathebulo pake sitima inali itafika kale ku Chipata boma lisanaifikitse. Zaka zonse zodikira zija iye ankayendetsa mabogi a fodya, thonje ndi mtedza kupita ku Nacala, doko la ku Mozambique, m'chipinda chakuseri, ana a m'komboni atadzaza pawindo.

Ndipo taonani mmene anamangira. Njanji zathu zonse, ya Zambia Railways, ya TAZARA yopita ku Tanzania, ya ku Malawi, n'zotalikirana mamilimita 1,067, zopapatiza kusiyana ndi za ku Ulaya za 1,435. Ndiye kasitima ka HO kogula kamaimira sitima ya ku Ulaya, osati yathu. Kuti sitima yathu ioneke bwino mu 1:87 pamafunika tinjanji ta mamilimita 12, timene kuno simungatipeze. Mdala anaitembenuza nkhani: anasunga njanji ya 16.5 n'kukuza mabogi, kuwapanga yekha mu 1:64. Gawani 1,067 ndi 64 muone, mupeza 16.7, pafupifupi ndendende. N'chifukwa chake mabogi ake opanga pamanja amaoneka otakata, olendewera mbali zonse, monga zimakhalira sitima zenizeni za kuno. Anawadula kuchokera ku zitini ndi makatoni olimba, mawilo n'kuchotsa ku mabogi akufa. Dothi lofiira lija ndi lenileni, anasefa n'kulimata ndi guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi. Mitengo ya mango ndi waya wopota ndi siponji. Mapiri akumbuyo aja aliyense wa ku Chipata amawazindikira asanauzidwe. Pasiteshoni pali mpaka anyamata a njinga zonyamula anthu ndi amayi ogulitsa nthochi. Zimenezi sizili m'katalogi ya kampani iliyonse, ndipo wogula uja sadzazipatsa mtengo. Adzazula njanji ndi mapointi, tija topatutsira sitima, thabwa n'kukhala nkhuni.

Ndiye pempho langa kwa banja, kudzera mwa inu achimwene, n'lakuti ngakhale atagulitsa zonse za m'mabokosi, thebulo ndi mabogi opanga pamanja zikhale. Ngati chipinda chikufunika, poti mwina amayi afuna kuikamo munthu wa lendi, limenelo ndi vuto lenileni ndipo tisalipeputse. Thebulo lija linamangidwa m'zigawo zomanga ndi mabawuti, likhoza kumasulidwa bwinobwino. Tingafune malo kwa mmodzi wa ife kapena kusukulu ina imene ingalisamale, koma pakhale kalata yonena kuti mwini wake ndi banja ndipo tsiku lililonse angalitenge.

Za chikumbutso, ena anena zosindikiza malaya okhala ndi nkhope yake. Sindikutsutsa, koma kwa ine ndalama imeneyo ikanapita kwa amayi. Munthu uja tikumbukire pochita chimene ankachita: sitima iyende, ana aone. Banja likalola, pakapita nthawi yolira, kapena pamene adzaike mwala pamanda, tidzapukute njanji, tidzayendetse mabogi ake, ana a m'komboni alowe m'malo moonera pawindo. Mdzukulu wake wamkulu uja ndiye adzagwire kontirola, poti ankakhala pambali pa agogo ake ndipo amadziwa pamene pamafunika kuchepetsa liwiro. Magetsi akadzazima si nkhani, kontirola ya DC ija mdala anaikonza kuti izilandira batire ya galimoto, fyuzi ili pomwepo.

Pali mbali ina ya thebulo imene sanamalize, ija inayamba kulowera kumadzulo. Ankati ndi njanji ya ku Petauke mpaka Serenje yokakumana ndi TAZARA, ija timangoimva m'nkhani. Wina wanena kuti tiimalize ife. Ine ndikuti tiisiye. Dzanja lake linali lakelake, tikaikapo athu zidzaoneka, ndipo malo opanda njanji aja ndi mmene zinthu zililidi kunjaku. Amene akufuna kumanga amange chigawo chake kunyumba, mulingo womwewo wa 1:64, kutalika kwa miyendo komweko, kuti tsiku lokumana tizilumikiza kumapeto kwa cha mdala. Wa ku Katete abwere ndi Katete wake, wa ku Petauke chimodzimodzi.

Chipepeso chimene tinasonkha chinafika, ndipo amayi athokoza. Maliro n'kulirana, ndipo pamenepo gulu lino silinachite manyazi. Koma masiku ovuta kwa namfedwa ndi ano, pamene alendo apita ndipo mapoto obwereka abwezedwa. Ndikupempha kuti thumba lija lisatsekedwe. Likhale ndi anthu awiri oliyang'anira, ndipo zolowa ndi zotuluka zizilembedwa pano mwezi uliwonse, chifukwa magulu ambiri amafa ndi ndalama zosalongosoka. Lisakhalenso la maliro okha. Mnzathu wa ku Lundazi watha nthawi osalemba kanthu pano, ndipo ndamva kuti maso akumuvuta moti sathanso kulumikiza mawaya. Amene muli kufupi kamuoneni, mutenge ndi kachitsulo kowotcherera mukamugwirire ntchito imene yaima. Munthu amene ankalemba tsiku ndi tsiku akangoti zii, muimbireni foni, musadikire kumva kwa ena.

Tonsefe tiphunzirepo kanthu kena kooneka kakang'ono. Aliyense alembe zimene ali nazo, mtengo wake woona, ndi amene akufuna kuti adzazitenge, pepalalo alionetse kwa akunyumba. Ambiri mwa ife mabanja athu sadziwa kusiyana kwa mutu wa sitima wodula ndi chidole cha pa Saturday Market, ndipo si kulakwa kwawo, sitinawauze. Si kuitana imfa kumeneko. Ndi kuchotsera akazi athu ndi ana athu mtolo umene amayi a ku Kapata ausenza lero.

Tinkhani tina pang'ono, poti ndalemba kale. Phukusi la zolumikizira njanji limene mlamu wa mnzathu anatumiza kuchokera ku Johannesburg lafika pabasi ya ku Lusaka, amene munaitanitsa mulankhule. Mnyamata wa ku Chadiza uja walowa sabata yatha akufuna tinjanji tokhota tiwiri kuti atseke bwalo lake, ine ndili nako kamodzi, wina awonjezere. Ndipo amene mudzapite ku Livingstone, kajambuleni bwino mitu ya malasha ya ku Railway Museum, mbali zonse ndi kunsi komwe, pali awiri pano akufuna kupanga yawo.

Achimwene, mukawafunse amayi ngati Loweruka likubwerali masana kuli bwino. Akavomera ndidzabwera ndi kope, batire ndi mapepala okulungira, inu mubwere ndi foni yojambula bwino. Pakufunika munthu wachitatu wodziwa za Märklin, alembe dzina pansipa. Tisapite chimanjamanja, shuga ndi sopo tigawana mtengo.